Mpweya wa Talandira

Agnes atakwatiwa ndi Alexio Mukhito anapeza m'nyumbamo muli kale mwana wa zaka zitatu, mtsikana wamaso akuluakulu, dzina lake Talandira. Mayi ake a mwanayo, a Roza, anamwalira tsiku lomwe iye anabadwa. Mimba itavuta anawatengera kuchipatala kwawo ku Phalombe, madokotala anawagoneka ndi mankhwala kuti atulutse mwana pa opaleshoni. Mwana anatuluka wamoyo, koma mayiyo sanadzukenso. Alexio sankaikamba nkhaniyi. Agnes anachita kuimva kwa anthu ena.

Patapita chaka banjali linasamukira ku Dowa kukagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya kum'mawa kwa Mponela, m'munsi mwa mapiri olowera ku Ntchisi. Anawapatsa nyumba ya zipinda ziwiri, munda, ndi chigafa choumitsiramo fodya. Talandira anakulira pamenepo akumutcha Agnes kuti amama, ndipo ambiri mwa matenanti anzawo anatha zaka osadziwa kuti mwanayo ndi womupeza.

Chimudziwireni, Agnes sanamuonepo Talandira atatseka pakamwa. Ankapumira kukamwa usana ndi usiku, mphuno zili zotseka ngati munthu wa chimfine chosatha, ndipo akamalankhula mawu ake ankamveka ngati akuchokera mumtsuko. Miyezi iwiri sinkatha asanadwale pakhosi. Thupi linkatentha, mkamwa munkanunkha, ngakhale phala lamadzimadzi linkamukanika kumeza. Agnes ankamubereka mpaka kuchipatala chaching'ono cha pafupi, ankalandira mankhwala, mwana n'kuchira. Pasanathe nthawi matenda aja ankabweranso.

Akagona ankaliza mkonono ngati chidakwa chachikulire, moti anthu a nyumba yoyandikana nawo ankaseka kukacha. Nayenso Alexio ankaseka nawo.

"Mwana woliza mkonono ndiye kuti wagona tulo tabwino," ankatero. "Akamakula zidzatha zokha."

Agnes sankaseka. Iye ndi amene ankadzuka kukamufunditsa mwanayo, ndipo ankadziwa kuti mkononowo unkati ukalira, ukalira, kenako n'kuduka zii, mpaka amugwedeze paphewa. Anauzapo mwamuna wake kangapo, koma Alexio ankabwera kumunda ali wotheratu, akangofika pamphasa sankamvanso kanthu.

Chaka chimene Talandira anakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri anali mu Sitandade 1 kachiwiri pa sukulu ya mishoni ya kutsidya kwa dambo. Anali wochepa thupi kuposa ana a msinkhu wake. Anzake ankamunena kuti akudikira ntchentche zimulowe mkamwa, ndipo iye anasiya kusewera nawo.

Loweruka lina mu Febuluwale kunabwera mlendo pa njinga. Anali mayi Judith Chimphepo, aphunzitsi a Talandira. Anawapeza Alexio ndi Agnes ali m'chigafa akusoka fodya, manja ali bii ndi utomoni. Agnes anathamanga kukawatengera mpando, koma iwo anakana, n'kukhala pansi pa thumba.

"Ndabwera ndi nkhani ya mwana wanu," anatero atamaliza malonje. "Musadandaule, sanalakwe kanthu. Mwanayu ndi wanzeru. Ndikamuika kutsogolo n'kumalankhula ndikumuyang'ana, amayankha bwino kuposa anzake ambiri. Koma akakhala kumbuyo sandimva. Ndipo ikamakwana teni koloko amakhala atatsamira khoma, tulo tofa nato. Kodi usiku amagona bwanji?"

Agnes anayang'ana mwamuna wake, kenako anafotokoza zonse.

Mayi Chimphepo ankangogwedeza mutu. "Mwana wanga woyamba, Benjamini, anali chimodzimodzi. Ndinkamukalipira kuti ndi waulesi, kumachita kumutsina kuti atseke pakamwa. Mpaka lero ndimadzimvera chisoni ndikakumbukira. Kenako madokotala anapeza kuti ali ndi tinyama totupa kukhosi ndi kuseri kwa mphuno. Anamuchita opaleshoni ku Lilongwe ali ndi zaka zisanu. Pano ali ku sekondale, amasewera mpira."

Alexio atamva mawu akuti opaleshoni anasiya kusoka.

"Anamugoneka?" anafunsa.

"Eya, amawagoneka kuti asamve ululu."

"Zikomo aphunzitsi, mwatiyendera. Mwachita bwino kutiuza. Koma mwana wanga sadzagonekedwa ndi munthu aliyense."

Ananena mwaulemu, n'kutola masamba ena kupitiriza ntchito. Agnes anawaperekeza aphunzitsiwo mpaka kumsewu, ndipo ali m'njira anawauza za malemu a Roza. Mayi Chimphepo anaima kanthawi atagwira njinga.

"Ndiye musawakakamize," anatero. "Apempheni kuti mukangomuonetsa kaye kuchipatala cha boma. Kuonetsa kokha."

Kuonetsa kokhako Alexio analola. Lachitatu lotsatira Agnes ndi mwana anakwera minibasi. Dokotala amene anawaona anali bambo wodekha. Anauza Talandira kuti ayasame kwambiri, anamupsinja lilime ndi kathabwa, n'kuunika ndi tochi.

"Mayi, tabwerani muone nokha."

Agnes anasuzumira. Mbali zonse ziwiri za khosi kunali tinyama tiwiri tofiira, totupa mpaka kutsala pang'ono kugundana. Pakati panangotsala kampata kochepa ngati bowo la bango.

"Amenewa timati matonsilo," anatero dokotalayo. "Aliyense ali nawo, koma a mwanayu akula mopyola. Kuseri kwa mphuno kulinso kanyama kena kotchedwa adenoidi, sikaoneka ndi tochi. Ndikukhulupirira kuti nakonso katupa, n'chifukwa chake sapumira m'mphuno ndiponso samva bwino. Akagona, khosi limafooka, njira ya mpweya n'kutsekeka. Ndiye thupi limamudzutsa kambirimbiri iye osadziwa. Mwana wotere sapuma, sakula bwino, ndipo pakapita zaka mtima umatha kutopa."

Analemba kalata yoti apite nayo ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, kwa madokotala a makutu, mphuno ndi khosi.

Madzulo ake Agnes anaika kalatayo patsogolo pa mwamuna wake n'kufotokoza zimene anaona. Alexio sanaigwire n'komwe.

"Ndinati mukamuonetse. Mwamuonetsa. Zathera pomwepo."

"Bambo a Tala, adokotala akuti mtima wake ukhoza kutopa."

"Ndi wamoyo kapena ayi? Akudya, akuyenda. Mukufuna ndikamupereke ndekha m'manja mwawo? Roza ndinamupereka ndekha. Ndinasaina ndi dzanja ili."

"Koma mukanaona kukhosi kwake..."

"Mukulimbikira chifukwa si inu munamubereka!"

Agnes anatola kalata ija, anaipinda bwinobwino, n'kukaiika pansi pa zovala m'sutikesi. Kenako anatuluka kukatsuka mbale zimene anali atatsuka kale.

Kutacha, pachitsime, anauzako mayi wina wachikulire wa pa esiteti pomwepo. Mayiyo anamumvera chisoni, koma malangizo ake anali akuti asiye.

"Mwana womupeza sachitira changu, mwana wanga. Zikayenda bwino palibe adzakuthokoze. Zikavuta adzati unkafuna kumuchotsa kuti utsale wekha ndi mwamuna."

Agnes anabwerera kunyumba ndowa ili pamutu, mawu amenewo akumulemera kuposa madziwo. Kwa milungu itatu sanaitchulenso nkhaniyo. Iye ndi Alexio ankangolankhulana za fodya basi.

Tsiku lina mu Malichi Talandira anaweruka kusukulu mvula ikuwaza. Agnes anali atapita kuchigayo, ndiye mwanayo analowa m'chigafa momwe munali bambo ake. Anakhala pambali pawo akuwapatsira masamba, ndipo posakhalitsa anagona chagada pa matumba. Mkonono unayamba. Alexio anamwetulira, n'kupitiriza kusoka.

Kenako mkonono uja unaduka.

Alexio anacheuka. Aka kanali koyamba kumuona mwana wake ali m'tulo masana, kuwala kuli mbee. Kukamwa kunali koyasama koma mpweya sunkalowa. Chifuwa chinkakokeka, pansi pa khosi n'kumaloweka dzenje, nthiti zikuonekera pa diresi la sukulu. Mwanayo ankalimbana ngati wina wamukanyanga pakhosi. Milomo inayamba kutuwa. Alexio anadikira kuti apume, koma sanapume. Anataya fodya n'kumugwira mapewa.

"Tala! Talandira!"

Mwanayo anakoka mpweya ndi phokoso lalikulu ngati munthu wovuulidwa m'madzi, anatsegula maso pang'ono, n'kugonanso. Alexio anakhala pansi pomwepo akumuyang'ana. Pasanathe mphindi zingapo zinachitikanso. Kenako zinachitikanso kachitatu.

Agnes atafika anamupeza mwamuna wake atamunyamula mwanayo chokhazika pachifuwa, fodya ali mbwee pansi.

"Kodi zimakhala chonchi masiku onse?" anafunsa Alexio.

"Masiku onse."

"Zaka zonsezi?"

"Chaka chino ndiye zanyanya."

Alexio anayang'ana nkhope ya mwanayo. Kenako anati, "Kalata ija ilipo?"

Panali munthu wina woti amve kaye. Kwawo kwa Alexio mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mwini mbumba anali a Festus, mchimwene wa malemu Roza, amene analola kuti Talandira akulire kwa bambo ake. Alexio anawaimbira foni tsiku lomwelo. A Festus atangomva za opaleshoni anakalipa.

"Alamu, mlongo wanga anapita choncho. Mukufuna mundilandenso mwana wake?"

Agnes anapempha foniyo, anapereka moni mwaulemu, n'kunena kuti, "Amalume ake a Tala, ine sindinena zambiri. Mwanayu wagona pano. Tangomverani." Anaika foni pafupi ndi kukamwa kwa Talandira. Mkonono unalira, unaduka, panakhala bata lalitali, kenako kunamveka kubanika kuja.

Atabweza foni kukhutu anamva a Festus akupuma mwamphamvu.

"Mwanayo mukukhala naye ndinu," anatero potsiriza. "Pitani nayeni. Mudzandiuze tsiku, tidzakhala tikupemphera kuno."

Ku Lilongwe anapita kawiri. Ulendo woyamba madokotala anamuunika kukhosi, m'mphuno ndi m'makutu, anamuyeza magazi, n'kuwapatsa tsiku la mu Juni chifukwa ana odikira anali ambiri. Miyezi imeneyo Talandira anadwalanso pakhosi kamodzi, ndipo Alexio ndi amene anamunyamula pa njinga kupita naye kuchipatala.

Juni atafika anagonekedwa m'wodi ya ana kutatsala tsiku limodzi. Anamwino anawauza kuti m'mawa mwake mwana asadye kanthu. Kutacha kunabwera bambo wina wovala zobiriwira, atanyamula pepala.

"Ndine Nathaniel," anatero. "Ntchito yanga ndi yogoneka odwala ndi kuwadzutsa. Bambo ake ndi ati?"

Alexio anaimirira. Analandira pepala ndi cholembera, koma sanasaine. Anangoima akuliyang'ana.

"Pali chimene chikukuvutani, bambo?"

"Mayi ake a mwanayu munawagoneka. Sanadzuke."

A Nathaniel anakhala pamphepete pa bedi, n'kupempha Alexio kuti nayenso akhale. Anamufunsa mmene zinachitikira. Alexio anafotokoza, ndipo Agnes anamva koyamba kuchokera pakamwa pa mwamuna wake: kuti Roza anavutika masiku awiri kumudzi, kuti mlatho unali utakokoloka, kuti pofika kuchipatala n'kuti atataya kale magazi ambiri.

"Pepani kwambiri," anatero a Nathaniel. "Ine kunalibe, ndiye sindinganene motsimikiza chimene chinawatenga. Koma mmene mwafotokozeramu, akazi anu analowa atafooka kale. Mwanayu akulowa tamuyeza, magazi ake ali bwino, sakutentha thupi. Sindikunamizani kuti palibe choopsa chilichonse. Opaleshoni iliyonse ili ndi chiopsezo chake, koma pa imeneyi n'chochepa, ndipo timaichita kawirikawiri. Sitimucheka kunja, zonse timachotsera kukamwa. Ine ndikhala kumutu kwake kuyambira pogona mpaka podzuka. Sindichokapo."

Alexio anasaina. Anamunyamula yekha Talandira mpaka pa chitseko cha fiyeta, chipinda chochitiramo opaleshoni. Mwanayo anali ndi mantha, anagwira chitenje cha Agnes osafuna kuchisiya.

"Amama, mubwera?"

"Ndikhala pompano pakhomo. Ukadzuka undipeza."

Chitseko chinatsekedwa. Agnes anakhala pa benchi. Alexio analephera kukhala. Anayenda mpaka kumapeto kwa khonde, anabwerera, anatuluka panja, anabweranso. Kachitatu anadzakhala pambali pa mkazi wake, maso ali pansi.

"Tsiku lija ndinalankhula zoipa."

"Munalankhuladi."

"Mundikhululukire, mayi a Tala."

Agnes anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Zinandipweteka. Koma tidzakamba mwana akatuluka. Pano mtima wanga uli m'katimo."

Litatha ola limodzi ndi theka, namwino anasuzumira pakhomo.

"Mayi ake a Talandira!"

Agnes anayang'ana mwamuna wake. Alexio anakhalabe pa benchi.

"Pitani," anatero. "Akuitana inu."

Anamupeza Talandira atagona cham'mbali, akulira ndi mawu osasa, malovu osakanikirana ndi timagazi akutsikira pa nsalu. A Nathaniel anali ataima kumutu kwake. Agnes anamugwira dzanja mwanayo, kenako anathamangira kukhomo n'kukuwa osasamala za anthu ena: "Bambo a Tala, wadzuka! Akulira!"

Alexio anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Mayi wina wosamudziwa amene anali pa benchipo anamusisita pamsana.

Anawatulutsa patapita masiku awiri. Namwino anawalangiza kuti mwana azimwa madzi pafupipafupi, azidya ngakhale kukupweteka, ndipo azimwa mankhwala opha ululu pa nthawi yake. Anati kukhosi kudzaoneka zoyera, asadabwe, ndi mmene chilonda chimapolera. Koma akadzaona magazi, ngakhale ochepa, asadzadikire kuti kuche kapena kuti ntchito ithe, adzathamangire kuchipatala.

Mlungu woyamba unali wovuta. Talandira ankakana chakudya, ankati ululu ukufika mpaka m'makutu. Agnes ankamunyengerera ndi phala lozizira ndi nthochi zofinya, supuni imodzi imodzi. Mayi Chimphepo anabwera ndi mazira ndi buku la zithunzi, ndipo ndi iwo amene anamudyetsa mbale yoyamba yonse, akumuuza kuti Benjamini analira kuposa iyeyo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu m'mawa, Talandira analavula magazi ofiira pakhonde. Sanali ambiri, koma Alexio sanafunse munthu. Anasiya fodya amene ankasankha, anathamangira kumsewu kukaitana njinga yamoto, ndipo onse atatu anapanikizana pamenepo mpaka ku Mponela. Pofika kuchipatala magazi anali atasiya. Dokotala anaunika n'kunena kuti nkhanambo ya chilonda ndi imene inachoka, koma anachita bwino kubwera. Anamusunga tsiku limodzi kuti amuone, ndipo magazi sanatulukenso.

Kuyambira pamenepo mwanayo anayamba kusintha. Mkonono unatha. Ankadzuka yekha m'mawa n'kufunsa chakudya, ndipo ankadya mpaka Agnes kumuletsa. Mawu ake anasintha, anakhala opyapyala, moti a Festus atamulankhula pa foni anakana kuti si iyeyo. Kuyasama sikunathe msanga chifukwa anali atazolowera, ndipo khutu lakumanzere linkamvabe pang'ono. Madokotala anati adzalionenso mu Okutobala. Mayi Chimphepo anati amusungabe kutsogolo, koma tsopano ankafika nthawi yoweruka ali maso.

Chakumapeto kwa Julaye, mphepo yozizira ikutsika m'mapiri, Alexio anali m'shedi akumanga mabelo otsiriza a fodya. Talandira anamubweretsera mbatata yootcha. Atangolowa anaima, n'kukwinya nkhope, n'kugwira mphuno.

"Ababa, chikununkha n'chiyani muno?"

Alexio ananunkhiza uku ndi uku. "Palibe. Ndi fodya basi."

"Fodya amanunkha chonchi?"

"Eya."

"Masiku onse?"

"Chibadwire chako."

Mwanayo anayandikira, ananunkhiza malaya a bambo ake, n'kubwerera m'mbuyo. "Inunso mukununkha!"

Alexio anaseka mpaka kukhala pansi pa belo. Anaitana Agnes kuti adzamve, ndipo Talandira anabwereza, akudabwa kuti akuluakulu akuseka chiyani. Tsiku lonselo anazungulira pakhomo akununkhiza chilichonse: sopo, masamba a tomato, khola la nkhuku, mpango wa Agnes. Chilichonse ankabwera kudzanena ngati ndi chabwino kapena choipa. Khola la nkhuku analiweruza kuti ndi loipa kuposa fodya, ndipo anauza bambo ake kuti alisunthire kutali ndi nyumba. Loweruka lotsatira Alexio analisuntha.